Akazitape, Mfuti ndi Kalata: M'mene Ulamuliro wa Chipani Chimodzi Udathera

 

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ku Ulaya ndi ku America kudatchuka maseŵero ena a pa kompyuta ofuna kuganiza mozama monga m'mene bawo amafunira. M'maseŵero otero, woseŵera amapatsidwa dziko lopeka lolamulidwa ndi mtsogoleri wankhanza, ndipo ntchito yake imakhala kutumiza akazitape, kuba zinsinsi, kunyengerera akuluakulu a asilikali ndi kupereka mfuti kwa oukira, kufikira wolamulirayo atagwa. Amene adakonza maseŵerowo adali ndi maganizo akuti ulamuliro wankhanza umagwetsedwa mumdima ndi anthu oŵerengeka ochenjera. Ife Amalaŵi tili ndi mbiri yathuyathu imene tingayesere maganizo ameneŵa, ndipo mboni zake zikali ndi moyo m'midzi mwathu. Funso lathu lero ndi ili: kodi chidathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi m'dziko muno nchiyani?

Tiyambe ndi m'mene ulamulirowo udakhazikikira. Dziko lino lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Patangopita miyezi iŵiri, mu Sepitembala, padabuka mkangano pakati pa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi nduna zake. A Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi adachotsedwa paudindo, ndipo a Henry Masauko Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo awo. Mu 1966 lamulo lalikulu la dziko lidanena kuti m'Malaŵi mudzakhala chipani chimodzi chokha, Malawi Congress Party, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala Mtsogoleri wa Muyaya. Padali lamulo lolola boma kutsekera munthu popanda kumzenga mlandu, lamulo la 1966 lolanda chuma cha munthu amene boma lamkayikira, ndiponso lamulo la 1968 lopatsa mphamvu bungwe la boma kuletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu.

Malamulo otere sagwira ntchito okha. Amafuna maso ndi makutu. Maso ndi makutuwo adali nthambi ya polisi yotchedwa Special Branch, gulu la Malawi Young Pioneers limene lidali ndi mfuti ndi akazitape akeake, ayufi a malaya ofiira, ndiponso anthu wamba amene ankapereka malipoti mobisa. Mphamvu yeniyeni ya akazitape idagona pa ichi, chakuti palibe amene ankadziŵa kuti kazitape ndani. Mwina adali mnzanu wa kumoŵa, mwina mphunzitsi mnzanu, mwina mlamu wanu amene mudakangana naye za malire a munda. Kotero munthu aliyense adasanduka mlonda wa pakamwa pake. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo m'zaka zimenezo mwambi umenewu udali ngati lamulo la pakhomo lililonse.

Inu amene mudagulitsapo mtedza kapena fodya m'misika ya kwanuko m'zaka za m'ma 1970, mukukumbukira khadi la chipani. Wopanda khadi ankabwezedwa pachipata cha msika ndi pokwerera basi. Amene adalaŵa zoŵaŵa kwambiri pa nkhani ya khadi ndi a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makhadiwo. Mu 1972 zikwizikwi za iwo zidathaŵira ku Zambia, ku msasa wa Sinda Misale pafupi ndi Chipata, ndipo pambuyo pake ambiri adatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa. Dzaleka yemweyo, amene kuyambira 1994 wakhala msasa wa anthu othaŵa kwawo, adali ndende ya anthu ogwidwa pa zifukwa za ndale.

Tsono tione njira yoyamba imene anthu adayesa, ndiyo ya mfuti. Mu Febuluwale 1965, a Chipembere ndi anthu awo adalanda boma la Fort Johnston, limene lero timati Mangochi, nayamba ulendo wopita ku Zomba. Ulendowo udathera pa Liwonde, pamene adalephera kuwoloka mtsinje wa Shire, ndipo asilikali a boma adawabalalitsa. A Medson Silombela, amene adapitiriza nkhondoyo m'tchire, adagwidwa ndi kunyongedwa mu 1966. Mu Okotobala 1967, a Yatuta Chisiza adaloŵa m'dziko muno ndi kagulu ka anthu a mfuti, ndipo adaphedwa pomenyana ndi asilikali m'dera la Mwanza. Zotsatira za maulendo aŵiriŵa zidali zofanana: boma lidapeza chifukwa cholimbitsira malamulo, ndipo anthu a m'midzi imene oukirawo adadutsamo ndiwo adavutika.

Njira yachiŵiri idali ya magulu a mobisa a Amalaŵi okhala kunja. Ku Tanzania, ku Zambia ndi ku Mozambique kudali magulu monga LESOMA ya Dr Attati Mpakati ndi MAFREMO ya a Orton Chirwa. Pa maseŵero a chinsinsi ameneŵa, boma ndilo lidali katswiri. Mu 1979 Dr Mpakati adalandira phukusi la bomba ku Maputo limene lidawavulaza manja, ndipo mu Malichi 1983 mtembo wawo udapezeka ku Harare. Mu Okotobala 1989, mtolankhani Mkwapatira Mhango adafa pamodzi ndi anthu a pabanja lake nyumba yawo itatenthedwa ku Lusaka, ndipo ambiri adaloza chala akazitape a boma la Malaŵi. A Orton Chirwa ndi akazi awo, mayi Vera Chirwa, adagwidwa mu Disembala 1981 cha ku malire a Mchinji ndi Chipata, kumathero a msewu womwewo umene umadutsa pa Mpingu ndi pa Namitete. Boma lidati adaloŵa okha m'dziko muno; iwo adati adanyengedwa ndi kugwidwa mokakamiza. Bwalo la mafumu lidawaweruza kuti aphedwe mu 1983, chilango chimene chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton adamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okotobala 1992, ndipo mayi Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993.

Pali chinthu china chimene mbiri ya akazitape imatiphunzitsa. Msampha sudziŵa mwini. A Albert Muwalo, amene adali mlembi wamkulu wa chipani, ndi a Focus Gwede, amene adali mkulu wa Special Branch, adali anthu oopedwa kwambiri, ndipo m'nthaŵi yawo anthu ambiri adatsekeredwa. Mu 1976 iwonso adagwidwa pa mlandu woukira boma. A Muwalo adanyongedwa mu 1977, ndipo a Gwede adakhala m'ndende kufikira 1993. Mu Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Dziko lidauzidwa kuti adafa pa ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene adatsogoleredwa ndi Justice Michael Mtegha mu 1994 adapeza kuti adaphedwa ndi apolisi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ngakhale okhala pafupi ndi moto sadagone tulo tabwino.

Kufikira apa taona kuti mfuti idalephera, ndipo magulu a mobisa adalephera. Tsono tifike pa Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti. Tsiku limenelo, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudaŵerengedwa kalata ya maepiskopi, imene dzina lake m'Chingerezi ndi Living Our Faith. Idasindikizidwa ku Montfort ku Balaka m'Chicheŵa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Amene adaisaina adali asanu ndi aŵiri, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre, ndipo mmodzi wa iwo adali Ambuye Matthias Chimole, episkopi wa dayosizi ya Lilongwe, m'mene muli maparishi a Nambuma ndi Namitete. Kalatayo idanena za kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za mitengo yotsika ya mbewu za alimi, za kusoŵa kwa mankhwala ndi zipangizo za sukulu, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndiponso za mantha amene adatseka anthu pakamwa.

Onani bwino, omvera, kuti m'kalatamo mudalibe chinsinsi chilichonse. Zonse zimene zidalembedwamo mayi aliyense wa ku Nsaru ndi mlimi aliyense wa kwa Kabudula adali kuzidziŵa kale. Chachilendo chidali chakuti zidanenedwa mokweza, masana, pamaso pa anthu ambiri nthaŵi imodzi, ndi anthu amene adalemba maina awo pansi pake. Munthu amene kwa zaka zambiri ankaganiza kuti ndi iye yekha wodandaula adatembenuka, naona mnzake wa pa benchi akugwedeza mutu movomereza. Kazitape angathe kupereka dzina la munthu mmodzi wonong'ona, koma sangapereke mpingo wonse wa dziko lonse. Kubisa kudafunika pa chinthu chimodzi chokha, ndicho kusindikiza ndi kufikitsa kalatayo m'maparishi boma lisanadziŵe. Pamenepa ansembe, masisitere ndi antchito a ku makina osindikizira adasunga pakamwa, ndipo akazitape adadzidzimuka monga wina aliyense.

Boma lidayankha mwaukali. Maepiskopi adaitanidwa kupolisi ku Blantyre nafunsidwa kwa maola ambiri, kalatayo idaletsedwa kotero kuti kupezeka nayo kudali mlandu, ndipo nyumba ya makina a ku Balaka idatenthedwa. Pa msonkhano wa akuluakulu a chipani ku Lilongwe, ena adalankhula za kupha maepiskopiwo. Koma mau a pa msonkhanowo adajambulidwa pa tepi, ndipo tepiyo idatuluka mobisa mpaka idamveka kunja kwa dziko lino. Amene adazoloŵera kumvetsera zonena za anzawo adapezeka kuti nawonso akumvedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu, mbadwa ya ku Ireland, adathamangitsidwa m'dziko muno mu Epulo chaka chomwecho, koma maepiskopi enawo sadakhudzidwe, pakuti maso a dziko lonse lapansi adali pa iwo.

Pa 6 Epulo 1992, a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito amene adakhalapo m'ndende m'zaka za m'ma 1970, adatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe, kuchokera ku msonkhano wa Amalaŵi ku Lusaka. Sadabwere usiku kapena kudzera m'tchire. Adalengezeratu za kubwera kwawo, ndipo m'manja mwawo mudali pepala la mau opempha ufulu wa zipani zambiri. Adagwidwa pabwalo pomwepo. Mu Meyi antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, chipolowe chidafalikira mpaka ku Lilongwe, ndipo anthu oposa 30 adaphedwa. Mwezi womwewo maiko othandiza Malaŵi, atakumana ku Paris, adaimika thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la anthu ovutika. Nkhondo ya mau pakati pa America ndi Soviet Union idali itatha, ndipo maiko a azungu sadaonenso chifukwa chotetezera mtsogoleri chifukwa chongodana ndi chikomyunizimu. Kutsidya kwa malire a Mchinji, Dr Kenneth Kaunda adali atagonja pa chisankho mu Okotobala 1991, ndipo nkhani imeneyi idafika m'midzi mwathu pa wailesi ndi pakamwa pa apaulendo. M'maofesi a m'tauni, makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala adafalitsa makalata osasainidwa, ndipo apolisi adagwira anthu ambiri osatha kuletsa mapepalawo. Chaka chisanathe kudabadwa AFORD, UDF, ndi bungwe la Public Affairs Committee la mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda.

Pa 18 Okotobala 1992, Dr Banda adalengeza kuti kudzakhala riferendamu. Apa padabuka nkhani imene ingaoneke yaing'ono, koma idali pamtima pa zonse: nkhani ya bokosi. Poyamba boma lidafuna mabokosi aŵiri, lina la chipani chimodzi, lina la zipani zambiri. Otsutsa adakana, pakuti anthu akadaopa kuti wina adziŵa bokosi limene aponyamo. Bungwe la United Nations litaloŵererapo, adagwirizana za bokosi limodzi, ndi kuti munthu asankhe ali yekha mobisika. Kwa zaka pafupifupi 30 chinsinsi chidali chida cha boma. Pa 14 Juni 1993 chidaperekedwa kwa munthu wamba. Chizindikiro cha chipani chimodzi chidali tambala wakuda, cha zipani zambiri chidali nyali. Anthu oposa 63 mwa 100 alionse adasankha nyali.

Tinene chilungamo pa za chigawo chapakati. Pamene kumpoto ndi kumwera anthu oposa 80 mwa 100 alionse adasankha nyali, m'chigawo chapakati pafupifupi aŵiri mwa atatu alionse adasankha tambala, ndipo boma la Lilongwe lidali m'gulu limeneli. Anthu ameneŵa adali ndi zifukwa zawo. Kuyambira 1968, ntchito ya chitukuko ya Lilongwe Land Development Programme, yothandizidwa ndi World Bank, idabweretsa misewu, mijigo, alangizi a zaulimi ndi ngongole za feteleza m'madera a kumadzulo kwa Lilongwe. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo njanji idafika ku Mchinji. Ambiri adaona Dr Banda monga mwana wa kwawo amene adakweza Chicheŵa ndi kusunga mtendere pamene dziko loyandikana nalo la Mozambique lidali pa nkhondo. Ena adaopa kuti zipani zambiri zidzabweretsa nkhondo yomweyo. Munthu angathe kukumbukira mjigo ndi khadi pa nthaŵi imodzi, ndipo zonse ziŵiri nzoona. Chofunika kuchiona nchakuti amene adagonja pa tsikulo sadatsekeredwe, sadalandidwe minda, ndipo chipani chawo sichidaletsedwe.

Mfuti idaliranso m'nkhani imeneyi, koma idalira anthu atalankhula kale. Mu Disembala 1993, Apayoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, gulu la nkhondo la Malaŵi lidayamba ntchito yotchedwa Operation Bwezani, nililanda zida Apayoniya ku Lilongwe ndi m'misasa yawo m'dziko lonse. Ambiri a iwo adathaŵira ku Mozambique. Asilikaliwo atamaliza adabwerera ku malo awo osalanda boma, chinthu chimene m'maiko ambiri a mu Africa sichidachitike. Pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho, a Bakili Muluzi adapambana, ndipo Dr Banda adavomereza kugonja kwawo pa wailesi. Pa mlandu wa ku Mwanza bwalo lidawapeza osalakwa mu Disembala 1995, ndipo mu Januwale 1996 adapepesa kwa mtundu wa Amalaŵi chifukwa cha zoŵaŵa zimene anthu adakumana nazo m'nthaŵi ya ulamuliro wawo. Adamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg.

Kodi tsono tidapindulanji? Walira mvula walira matope, ndipo matope taaona: katangale, kukwera mitengo kwa feteleza, ndi atsogoleri olonjeza zimene sachita. Koma lamulo lalikulu la dziko la 1994 lidatipatsa zinthu zimene mwana aliyense ayenera kuzidziŵa monga adziŵira dzina la mfumu ya m'mudzi mwake. Gawo 35 limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo 32 limati palibe wokakamizidwa kuloŵa gulu lililonse, kutanthauza kuti palibe angakufunseni khadi pachipata cha msika. Gawo 42 limati munthu akagwidwa auzidwe chifukwa chake, ndipo afikitsidwe kubwalo la milandu pasanathe maola 48. Mphamvu ya malamulo ameneŵa tidaiona pa 3 Febuluwale 2020, pamene bwalo la milandu lidafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019. Pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 adapambana Dr Lazarus Chakwera a Malawi Congress Party, amene adali phungu wa dera la kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe. Chipani cha tambala chidabwerera m'boma kudzera pa njira imene nyali idatsegula. Mu Sepitembala 2025 Dr Chakwera nawonso adagonja kwa Professor Peter Mutharika, navomereza.

Pomaliza, ndili ndi pempho kwa inu akuluakulu. Amalaŵi ambiri a lero adabadwa chitapita chaka cha 1994. Sadaone khadi, sadamve kugogoda kwa usiku, ndipo ena mwa iwo, akatopa ndi umphaŵi, amayamba kunena kuti dziko lino lifuna munthu mmodzi wa dzanja lolimba. Inu amene mudaona zonse ziŵiri, khalani nawo pansi adzukulu anu madzulo, muwauze za mijigo ndi misewu, muwauzenso za anansi amene adatengedwa osabwerera. Mukhale oyamba kukana pamene wina m'mudzi afuna kumana mnzake feteleza kapena chimanga cha thandizo chifukwa cha chipani chake, pakuti khadi lidayamba motero. Ndipo inu achinyamata, mukakhala ndi dandaulo, kalineneni pabwalo la mfumu, pa msonkhano wa chitukuko, kwa khansala ndi kwa phungu wanu, dzina lanu lili poyera. Mutu umodzi susenza denga.